Maliro Osameta: Kiyi wa ku Shiraz

M'nyumba yoyandikana ndi yanga kuno ku Manchester mumakhala bambo ena achikulire amene anachoka mumzinda wa Shiraz ku Iran m'chaka cha 1983, nkhondo ya dziko lawo ndi Iraq ili pachimake. Tsiku loyamba limene anandiitanira tiyi, maso anga anagwera pa kiyi wamkulu wachitsulo amene anapachikidwa pamsomali pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, ndipo popeza sankafanana ndi makiyi a nyumba za kuno, ndinafunsa kuti amatsekula pati. Anandiyankha mosatekeseka kuti ndi wa chipata cha kwa bambo awo. Mwana wawo wamkazi, amene ankathira tiyi m'timatambula ting'onoting'ono, anadikira kuti bambo ake atuluke kaye, kenaka anandiuza motsitsa mawu kuti nyumbayo inagwetsedwa kalekale, pamalopo panamangidwa nyumba zosanja, ndipo bambowo amazidziwa bwino zonsezi.

Kiyi ameneyu ndi amene anandichititsa kuti ndiyambe kuwerenga zimene akatswiri a psychoanalysis analemba zokhudza anthu osamukira kudziko lachilendo. Psychoanalysis ndi njira yomvetsera ndi kuthandiza maganizo a munthu imene Sigmund Freud anayambitsa ku Vienna chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo phata lake ndi lakuti zambiri zimene zimamuyendetsa munthu zimakhala pansi penipeni pa mtima, pamene mwini wakeyo sapaona. Boma likafuna kudziwa ngati mlendo wazolowera, limafunsa ngati akuyankhula chinenero cha dzikolo, ngati ali pantchito, ngati mapepala ake ali bwino ndiponso ngati ana ake ali pasukulu. Tikatengera muyeso umenewu, anansi angawa anazolowera zaka makumi atatu zapitazo, pakuti Chingerezi amachidziwa, anagwira ntchito mpaka kupuma, ndipo adzukulu awo amayankhula ngati ana ena onse a mumzinda uno. Koma muyeso umenewu sungalongosole za kiyi uja, ndipo ine ndafika pokhulupirira kuti pansi pa chimene timachitcha kuzolowera pali maliro, ndipo munthu amakhazikika kudziko lachilendo molingana ndi mmene wakwanitsira kuwalira malirowo.

M'nkhani yake ya m'chaka cha 1917 yonena za kulira maliro ndi nthenda ya chisoni chosatha, Freud analemba kuti munthu salira imfa ya wokondedwa yokha, koma amaliranso akataya zinthu monga dziko lake, ufulu wake kapena mfundo imene ankaigwiritsitsa. Iye ankaona kulira ngati ntchito yapang'onopang'ono, imene mtima umabwerera ku chikumbutso chilichonse pachokhapachokha, kuchigwira, kumva kuwawa kwake, kenaka n'kuvomereza kuti chapita. Ntchito imeneyi ikaima panjira, chisoni chimatembenukira mkati, munthu n'kuyamba kudziona wopanda pake ndi kudziimba mlandu. Freud mwini wake anadzazilawa atakalamba, pamene anathawa ulamuliro wa chipani cha Nazi n'kufika ku London mu Juni 1938 ali ndi zaka 82, ndipo m'kalata ina analemba kuti chimwemwe cha kumasulidwa chinasakanikirana kwambiri ndi chisoni, chifukwa ndende imene anatulukamo ankaikondabe. Patapita zaka, León Grinberg ndi Rebeca Grinberg, akatswiri a psychoanalysis amene anachoka ku Argentina n'kukakhala ku Madrid, analemba buku lathunthu pa nkhaniyi, ndipo anaonetsa kuti wosamuka amataya zambiri nthawi imodzi: abale, chinenero, fungo la misewu, ulemu umene anali nawo, ngakhalenso mbali ina ya iye mwini imene ankaidziwa ndi okhawo amene anakula naye.

Kwathu maliro ali ndi mathero. Pamakhala tsiku lometa, achibale n'kubalalika, wofedwa n'kuloledwa kubwerera kumunda ndi kumsika. Anthu a ku Iran nawonso ali ndi dongosolo lawo lolimba, pakuti amasonkhana tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri, la 40 ndiponso pakatha chaka, ndipo tsiku la 40, limene amalitcha chehelom, ndi pamene ambiri amavula zovala zakuda. Vuto la munthu amene wataya dziko ndi lakuti palibe mtembo, palibe manda, ndipo palibe amene amabwera kudzamupepesa. Anthu amangomuuza kuti ali ndi mwayi chifukwa anapulumuka, ndipo iye amavomera popeza n'zoona, koma potero amasowa pokhalira kuti alire. Dzikolo lilipobe pamapu, amalimva pawailesi tsiku ndi tsiku, choncho mtima umakana kuliika m'manda.

Kwa anthu a ku Iran katunduyu amalemera mwapadera chifukwa cha mmene ambiri anachokera. Chaka cha 1979 chisanafike, ambiri mwa amene ankapita kunja anali ophunzira, moti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ophunzira a ku Iran m'masukulu aukachenjede a ku America anali ochuluka kuposa ochokera kudziko lina lililonse, ndipo ambiri anapita ndi maganizo odzabwerera. Koma pa 16 Januwale 1979 mfumu Mohammad Reza Pahlavi inatuluka m'dziko la Iran, pa 1 Febuluwale Ayatollah Khomeini, mtsogoleri wachipembedzo amene anadzatsogolera boma latsopano, anafika ku Tehran, likulu la dzikolo, ndipo m'chaka chotsatira nkhondo ndi Iraq inabuka n'kukhala zaka zisanu ndi zitatu. Anathawa anthu osiyanasiyana: akuluakulu a boma lakale ndi asilikali, Ayuda, otsatira chipembedzo cha Bahai, Akhristu, anyamata oopa kutengedwa kunkhondo, ndiponso ambiri a iwo amene anachita nawo zionetsero zogwetsa mfumu koma kenaka n'kuyamba kusakidwa ndi boma latsopanolo. Ochuluka ankayesa kuti zitha m'miyezi yochepa. Anansi anga amanena kuti kwa zaka zinayi zoyambirira sanagule mipando, chifukwa ankaona kuti kugula mpando ndi kuvomereza kuti akhalitsa. M'menemo dziko limene analisiya linali kusinthika kumbuyo kwawo. Mkango ndi dzuwa zinachotsedwa pambendera, msewu waukulu wa ku Tehran umene unkatchedwa Pahlavi unadzakhala Valiasr, ndipo malamulo a kavalidwe ka amayi anasintha, kotero kuti ambiri amene amalakalaka kwawo akulakalaka malo amene ngakhale atakwera ndege lero sangakawapeze.

Salman Akhtar, dokotala wa maganizo wobadwira ku India amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Philadelphia, amasiyanitsa munthu amene wasamuka mwa kufuna kwake ndi amene wathamangitsidwa. Woyambayo amapeza mpata wotsanzika, ndipo amatha kupita kwawo kukacheza n'kubwerako mtima utalimba, monga momwe mwana wongoyamba kuyenda amathamangira patali pang'ono n'kubwerera kudzagwira chitenje cha mayi ake asanapitenso. Wachiwiriyo alibe chitenje choti akagwire. M'nkhani yake ya m'chaka cha 1995, Akhtar ananena kuti kusamuka ndi nthawi yachitatu imene munthu amaphunzira kuima payekha. Yoyamba ndi ija anafotokoza katswiri mnzake Margaret Mahler, pamene khanda limazindikira pang'onopang'ono kuti ilo ndi mayi ake ndi anthu awiri, ndipo yachiwiri ndi ya katswiri wina, Peter Blos, pamene wachinyamata amamasuka kwa makolo ake. Wosamuka amadutsanso njira yomweyo ali wamkulu kale, ndipo pamalo pa mayi pamakhala dziko.

Mwa maulendo a mumtima amene Akhtar anafotokoza, umene ndauona ndi maso kwambiri ndi wochoka pa kukonda kokhakokha kapena kudana kokhakokha n'kufika potha kusunga zonse ziwiri pa chinthu chimodzi. Melanie Klein, katswiri winanso wa psychoanalysis, anaphunzitsa kuti mtima ukapanikizika umagawa zinthu pawiri, zabwino zonse mbali ino, zoipa zonse mbali inayo, kuti chokondedwacho chisadetsedwe. M'zaka zoyamba za kudziwana kwathu, bambo aja sankatha kudya chipatso osachiyerekeza ndi cha kwawo. Makangaza a kuno analibe kukoma, nkhaka za kuno zinali madzi okhaokha, ndipo palibe fungo limene likanafanana ndi la maluwa a malalanje a ku Shiraz nyengo yozizira ikangotha. Za Iran sankanenapo choipa chilichonse kupatula boma, ndipo za England sankanenapo chabwino kupatula mabasi. Ena amagawa mobwerera: amanyansidwa ndi chilichonse cha kwawo, amasintha dzina, amapewa anthu a mtundu wawo, ndipo oona patali amati amenewa ndiwo azolowera msanga, pamene m'katimo ndi kugawa komweko. Chimene chinakuza kugawa kwachiwiriku ndi zimene zinachitika pa 4 Novembala 1979, pamene ophunzira analanda ofesi ya kazembe wa America ku Tehran n'kusunga anthu 52 kwa masiku 444. Madzulo alionse nkhope za anthu a ku Iran zinkaoneka pawailesi yakanema ngati za adani, ndipo amene anathawa boma limenelo anayamba kudedwa chifukwa cha boma lomwelo. Ambiri anayamba kudzitcha anthu a ku Persia, dzina limene maiko akunja ankalitchulira dzikolo chisanafike chaka cha 1935, ndipo potero anadzigwirizanitsa ndi mafumu akale, ndakatulo ndi makapeti, n'kusiya dzina la Iran kwa amene ankaoneka pankhani. M'chinenero chawo ulemu wa munthu pamaso pa anthu amautcha aberu, kutanthauza madzi a kunkhope, ndipo munthu amene anaphunzitsidwa kuyambira ali mwana kuti madzi amenewa asatayike amavulala kwambiri akamachita manyazi kutchula kumene akuchokera.

Za kiyi uja ndinadzazimvetsa nditawerenga Vamik Volkan, katswiri wobadwira ku Cyprus, amene anaona kuti ofedwa ena amasunga kanthu ka malemu, wotchi kapena chithunzi, n'kukasandutsa mlatho pakati pa iwo ndi amene anapitayo. Kanthuko sakagwiritsa ntchito ndipo sangakataye, amangofuna kudziwa kuti kali pamalo pake, ndipo kamawathandiza kuti maliro asathe komanso asawamize. Mudzi wonse ungathe kukhala kiyi wotere. Ku Los Angeles, kumene kuli anthu a ku Iran ambiri moti mzindawo anaupatsa dzina lakuti Tehrangeles, munthu angathe kuyenda mumsewu wa Westwood n'kugula buledi, mabuku ndi nyimbo za kwawo osayankhulapo Chingerezi, ndipo Hamid Naficy, wofufuza za mafilimu ndi mawailesi akanema, anafotokoza m'chaka cha 1993 mmene mawailesi akanema a anthu othawawa ankaonetsera Iran yakale imene inaima malo amodzi. Sindiona cholakwika pa malo otere, chifukwa munthu amene chitenje chamayi chili kutali ayenera kupeza pogwira. Funso ndi lakuti kodi amagwirapo kuti apeze mphamvu zotulukira, kapena amagwirapo kuti asatulukenso. Akhtar analembanso za mawu awiri amene amamanga mtima, akuti "tsiku lina" ndi akuti "zikanakhala kuti", ndipo ife amene tinakula tikumva za machona, abambo amene anapita ku Joni kapena ku Harare n'kusabwerera, tinkawaweruza kuti anaiwala kwawo, osalingalira kuti mwina ambiri a iwo anafa akunenabe kuti chaka chamawa.

Chinenero chili ndi gawo lake lalikulu. Munthu wa ku Iran akamusowa mnzake amati delam tang shodeh, kutanthauza kuti mtima wanga wathina, ndipo akamafotokoza za phwando limene iwe sunafikeko amakuuza kuti malo ako anali opanda munthu. Kukhala kuchilendo ali nako ndi dzina lake, ghorbat, mawu amene ali ndi chisoni m'kati mwake. Byron Good, amene anachita kafukufuku m'tauni ya Maragheh ku Iran m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti anthu ambiri, makamaka amayi, ankafotokoza nkhawa za m'banja ndi za umphawi ngati kuvutika kwa mtima weniweniwo, kugunda kwake ndi kuthina kwake. Munthu wotere akafika kwa dokotala wa kuno amapimidwa pachifuwa n'kuuzidwa kuti alibe vuto, ndipo amabwerera kunyumba akudziwa kuti sanamveke. Palinso mwambo wa taarof, umene mlendo amakana chakudya kawiri kapena katatu mwaulemu, mwini nyumba n'kumukakamiza mwachikondi mpaka alandire. Anansi anga amakumbukira tsiku limene mnzawo wakuntchito anawaitana koyamba, iwo n'kukana chakudya kamodzi monga mwa ulemu, mbale n'kuchotsedwa osabweranso. Anabwerera ndi njala ndiponso ndi chigamulo chakuti anthu a kuno ndi ouma mtima, chigamulo chimene chinawatengera zaka kuti achisinthe. Dokotala wa maganizo Ralph Greenson analemba m'chaka cha 1950 za mayi wina amene ankadzimva kuti ndi munthu wina akamayankhula Chijeremani cha ubwana wake ndipo winanso akamayankhula Chingerezi. Ndiye chifukwa chake ena amatha kufotokoza zoopsa zimene anaona m'ndende mwachingerezi maso ali ouma, koma liwu limodzi la chinenero cha mayi awo likangotchulidwa, misozi n'kutsika.

Pa nkhani ya makolo ndi ana, maganizo anga amasiyanako pang'ono ndi a mabuku ena. Freud anamanga zambiri pa nthano ya Agiriki ya Oedipus, mwana amene anapha bambo ake mosadziwa. Nthano imene anthu a ku Iran amaidziwa kuyambira ali ana ndi ya m'ndakatulo yaitali ya mlakatuli Ferdowsi, imene inamalizidwa cha m'ma 1010, momwe ngwazi Rostam imapha mwana wake Sohrab pankhondo, n'kumuzindikira atamulasa kale. Gohar Homayounpour, amene anaphunzira psychoanalysis kunja n'kubwerera kukagwira ntchito ku Tehran, anagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku m'buku lake la m'chaka cha 2012 pofotokoza chikhalidwe chimene zakale zimapambana zatsopano, ndipo mwana amaopa kupitirira bambo ake. Kuchilendo dongosolo limeneli limatembenuka mwankhanza. Bambo amene anali mphunzitsi kapena injiniya amayamba kuyendetsa takisi, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi zinayi ndiye amamasulira mawu kuchipatala ndi ku ofesi ya boma. Mwana wamkazi wa anansi angawa anandiuza kuti ali wamng'ono ankachita dala kulakwitsa mawu ena a Chingerezi akakhala pamaso pa bambo ake, kuti asaoneke kuti wawaposa. Atakula anapita kukafuna uphungu, ndipo mlangizi wina anamuuza kuti vuto lake ndi lakuti sanadzipatule kwa makolo. Sanabwererenso kumeneko, ndipo ine ndimamuikira kumbuyo, chifukwa chiphunzitso chimene chinabadwira ku Vienna chikatengedwa osachisefa chimatha kutcha chikondi cha m'banja kuti ndi matenda. Akhtar mwini wake sanena za kudula chingwe, amanena za kupeza mtunda woyenera, pamene munthu sakutsamwitsidwa ndi kwawo komanso sanakutaye.

Ndiponso si zonse zimene zili mumtima. Mu Januwale 2017 boma la America linaletsa nzika za Iran kulowa m'dzikomo, mabanja n'kulekanitsidwa pamabwalo a ndege. Pa 8 Januwale 2020 ndege ya ku Ukraine inawomberedwa itangonyamuka ku Tehran, anthu 176 n'kufa, ambiri a iwo akubwerera ku Canada atakaona abale. Mu Seputembala 2022 mtsikana wotchedwa Mahsa Amini anafera m'manja mwa apolisi a ku Iran, zionetsero n'kubuka m'dzikomo, ndipo masiku amenewo ndinkamva wailesi ya anansi anga ikulira mpaka pakati pa usiku. Bala limene likutukulidwa chonchi silichedwa kupola chifukwa chakuti mwini wake ndi wofooka, ndipo pamwamba pake pamakhala kudziimba mlandu kwa amene ali pabwino pamene ana a eni akuwomberedwa m'misewu.

Zaka ziwiri zapitazo mlongo wawo wa bambo aja anamwalira ku Shiraz, ndipo iwo sakanatha kupita kukaika. Pa tsiku la 40 anaitana anthu kunyumba, ine ndili m'gulumo, ndipo patebulo panali chakudya chotsekemera chotchedwa halva, zipatso za kanjedza ndi chithunzi cha malemuwo chomangidwa kansalu kakuda pakona. Kanali koyamba kuwaona akulira, ndipo analira nthawi yaitali anthu ali chete mowazungulira. Alendo atachoka anayamba kuyankhula zimene sindinawamvepo. Ananena za ukali wa bambo awo, za mantha amene anthu ankakhala nawo m'nthawi ya mfumu chifukwa cha apolisi achinsinsi a SAVAK, ndi za mnzawo wakusukulu amene anatengedwa usiku chaka cha 1979 chisanafike n'komwe. Ananenanso za mayi wina wachingerezi amene anawabweretsera mabulangete m'nyengo yawo yoyamba yozizira, amene kwa zaka zonsezi sanamutchulepo. Patapita miyezi ingapo anauza mwana wawo kuti akadzamwalira asadzavutike kufunafuna njira yotumizira thupi ku Iran, adzawaike konkuno kumene adzukulu angathe kufika pabasi.

Lamlungu lina ndinawapeza ali kukhitchini ndi mdzukulu wawo wamng'ono, amene anali atafunsa funso lomwe lija ndinafunsa ine. Anali atamutsitsa kiyi uja pamsomali n'kumuika m'manja mwa mwanayo, ndipo ankamuyendetsa m'nyumba ya ku Shiraz chipinda ndi chipinda, kuyambira pachipata, kudutsa pa kadziwe ka pakati pa bwalo momwe ankaziziritsiramo mavwende, mtengo wa malalanje, masitepe okwerera padenga pamene ankagona m'nyengo yotentha, mpaka kachipinda kamdima kamene ankatsekeredwamo akalakwa. Mwanayo anafunsa ngati adzapiteko limodzi, ndipo agogo akewo anamuyankha m'chinenero chawo, kenaka n'kubwereza m'Chingerezi, kuti nyumbayo kulibenso. Atatero anadzuka, anamupachikanso kiyi uja pamsomali, n'kundifunsa ngati ndimwe tiyi, ndipo ndinakana kawiri ndisanavomere.